Cholembera Chofiira cha Adona

Linden, Joni
12 Januwale 2025

Okondedwa amake Zahra,

Asalamu alaikum. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ndi amayi. Kuno ndadzuka, kungoti msana uja umandikumbutsa kuti ulipo ndikawerama nthawi yaitali m'maluwa.

Mudabwa kulandira kalata ngati masiku a makolo pomwe foni ilipo. Mawu a pafoni amauluka, ndipo netiweki ya ku Liwaladzi mukuidziwa, mpaka munthu akwere pachulu. Izi ndikufuna zikhale papepala kuti Zahra aziwerenga mobwerezabwereza. Sufiyani, uja amanyamula katundu wa anthu kuchokera kuno, wavomera kumatenga makalata athu. Azikusiyirani pagolosale ya pamsewu.

Alamu anga a Idrisa anandiimbira okha. Anati, "Alamu, mwana walakwa Chingerezi, satifiketi ya Fomu 4 palibe. Abwereze chaka chino chokha. Akalakwanso, Faruku wa maboti ku Benga akudikira kumukwatira, ndipo ife tamuuza kale kuti adikire." Ine ndinangoti, "Chabwino alamu." Ndikanatani? Mbumba ndi yawo, ine ndine mkamwini, mkamwini wakenso wa pafoni, zaka zisanu ndi chimodzi osaponda pamudzi. Koma "chabwino" ameneyo anandizungulira m'mutu tsiku lonse.

Adona a Magreti, amene ndimawagwirira ntchito, anandipeza nditagwira payipi, madzi akuthira duwa limodzi mpaka kudikha. Ndinawafotokozera. Paja anali mphunzitsi wa Chingerezi zaka makumi anayi. Panopa akalamba, akuyendera ndodo, koma pakamwa ndi lumo. Anafunsa chimene chinamugwetsa mwanayo, ndinati chimangirizo ndi zining'a. Basi analamula pompo: Zahra azilemba chimangirizo mwezi uliwonse, azichonga iwowo, ndipo tsiku lililonse pa tiyi wa m'mawa azindiphunzitsa chining'a chimodzi choti nditumize.

Zahra mwanangu, izi ndi zako. "A piece of cake" ndi chinthu chosavuta, choti munthu achita osatuluka thukuta. Ndinawauza adona kuti kwathu keke timaiona paukwati pokha, ndiye sindikuona kuphweka kwake. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Sitting on the fence" ndi munthu amene pamkangano safuna kuima mbali iliyonse, kuopa kukhumudwitsa wina. Ichi anandiphunzitsa akundiyang'ana m'maso, nditangowauza zimene ndinayankha amalume ako. Apa sindinaseke.

Mpunga muwokere msanga mvula isanadule, ndipo denga la khitchini mupeze wokonza lisanakugwereni.

Ndine wanu,
Jamali

Linden
16 Febuluwale 2025

Amake Zahra,

Asalamu alaikum. Yanu ndalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo a amayi atsika. Usipa wafika bwino, ngakhale Sufiyani akudandaula kuti wanunkhitsa katundu wa anthu njira yonse. Musiyeni adandaule, nayenso ndamugawira.

Chimangirizo cha Zahra ndabweza mu envulopu yomweyi. Musanamupatse mumukhazike pansi, chifukwa pepala lafiira ngati pophera mbuzi. Adona ali ndi cholembera chofiira chimene sichichoka m'thumba la juzi yawo. Amachonga nacho chilichonse: nyuzipepala, makalata a kukhonsolo, ngakhale kapepala kanga ka zokagula kusitolo. Tsiku lina ndinalemba anyezi molakwika, anandibweza ndili pageti. Ndiye Zahra asalire. Pepala lake anakhala nalo masana onse, magalasi ali pamphuno, akung'ung'udza. Atamaliza anati, "Mwanayu mutu ali nawo, koma amalemba ngati akumuthamangitsa. Muuzeni alembenso." Kuyamikira iwo sadziwa. Ndagwira pano zaka zinayi, sanandiuzepo kuti ndachita bwino. Akakhala chete ndiye kuti zawasangalatsa.

Zahra, tenga izi. "A fish out of water" ndi munthu amene ali pamalo posazolowera, wosowa pogwira. Ndinawauza adona kuti asavutike kufotokoza, ndakoka makoka ku Bua kuyambira ndili mwana, ndikudziwa mmene chambo chimayasamulira pamchenga. Anandifunsa ngati ndi mmene ndimamvera kuno. Ndinati ayi, kenako ndinapita kukatchetcha kapinga amene ndinali nditatchetcha kale dzulo lake.

"Once in a blue moon" ndi chinthu chochitika patalipatali. Chitsanzo anapereka okha: mwana wawo Kolini, amene ali ku Kepitauni, amawaimbira foni motero.

Amake Zahra, nyumba ino ndi yaikulu, zipinda zisanu, koma olankhula ndife awiri basi. Lamulungu adona akapita kutchalitchi ndimakhala pakhomo la kachipinda kanga kuseri kwa galaja, kumamvera agalu a eni ake akuuwa m'mipanda. Ndimakusowani, ndinene poyera. Tsiku limene Sufiyani amafika ndi envulopu ndi lokhalo limene ndimadzimva kuti ndine munthu wa kwinakwake.

Chinangwa cha kumtunda musazule chonse, china chidikire. Mbuzi yaikazi ija musamvere za a Idrisa, siyogulitsa.

Wanu,
Jamali

Linden
23 Malichi 2025

Amake Zahra,

Asalamu alaikum. Ramadani ikuyenda bwanji kumeneko? Ine ndikumanga bwinobwino, alhamdulillah. Futari ndikudya ndekha, tiyi ndi buledi, nthawi zina mpunga mudatumiza uja, umene ndikuphika pang'onopang'ono ngati mankhwala. Ndikamatsegula chivundikiro ndimakumbuka mkeka wathu pakhonde, ana akulimbirana mbatata, inu mukuwakalipira.

Adona atamva kuti ndikumanga anasiya kumwa tiyi pamaso panga. Ndinawauza kuti palibe vuto, iwo anati ndisawaphunzitse ulemu m'nyumba mwawo. Ndiye phunziro timachita patebulo popanda kanthu, iwo ndi kope lawo, ine ndi langa.

Chimangirizo chachiwiri chabwera. Kufiira kwachepa, tsamba lachiwiri lili ndi mizere itatu yathunthu imene cholembera sichinakhudze. Adona anangoti, "Hmm." Zahra adziwe kuti "hmm" ameneyo ine sindinamulandirepo.

Chining'a cha ulendo uno ndi "under the weather". Amanena munthu amene sakumva bwino m'thupi koma sanagone nazo. Ndachimva kwambiri masiku ano. Sabata yatha adona anagwa kubafa, ndinawapeza atatsamira chitseko, mwendo ukukana. Ndikufuna kuitana ambulansi iwo nkumati ali chabe "under the weather". Ndinawafunsa chifukwa chake Azungu amakonda kuzungulira chonchi, osangonena kuti ndikudwala. Anati munthu ukanena chinthu mozungulira, wokumvayo sachita mantha, ndipo iwenso suchita manyazi. Ndinati ndiye kuti ndi chimodzimodzi kwathu. Kuyambira pamenepo akhala akulemba m'kope lawo lija nthawi yaitali, sindikudziwa kuti akulembamo chiyani.

Kolini wabwera Lachisanu. Ndi munthu waulemu, anandigwira chanza. Dzulo anabwera ndi anthu awiri amene amayendayenda m'zipinda akujambula ndi foni, mpaka kachipinda kanga. Mwina akufuna kupenta.

Ndamva kuti Faruku watumiza shuga ndi nsalu kwa a Idrisa, ndipo alandira. Ndi zoona? Mayeso sanalembedwe nkomwe. Ndinatenga foni kuti ndiwaimbire, ndinaibwezanso m'thumba. Inu muwafunse mwaulemu, ndinu mlongo wawo.

Nsapato za Idi za ana zili mu katoni, zazikulu ndi za Maganizo.

Wanu,
Jamali

Mayfair, Joni
11 Meyi 2025

Amake Zahra,

Asalamu alaikum. Ndili bwino. Pepani kuti mwezi watha sindinalembe, ntchito inachuluka.

Musadabwe ndi malo ndalemba pamwambapa. Ndasuntha pang'ono, ndikukhala ndi anyamata a kwathu kufupi ndi mzikiti, chifukwa kunyumba kuja kuli zokonzakonza. Foni nayo yandivuta, musavutike kuimba. Mukafuna kundipeza muzidzera kwa Sufiyani.

Adona alipo, akupereka moni. Chimangirizo cha Zahra achonga, mwachiona mmene chakhalira. Tsamba lonse ndi zochonga zokhazokha, ndipo pansi alemba kuti "good". Mwana akulimbikira, mumuphere nkhuku.

Zahra, "in the same boat" amanena anthu amene ali m'vuto limodzi, loti wina sangaseke mnzake. Ichi nchosavuta kwa mwana wa kunyanja. Bwato likayamba kulowa madzi, palibe amafunsa kuti kukapa madziwo ndi ntchito ya yani, aliyense amakapa. "To tighten your belt" ndi kuchepetsa zofuna pamene zinthu zathina.

Katundu mwezi uno palibe, Sufiyani galimoto yadzaza. Mpunga mukamweta musagulitse msanga, anthu a pamsewu aja amabera nthawi ino. Sungani, mudye.

Kuno kwayamba kuzizira.

Jamali

Mayfair
15 Juni 2025

Amake Zahra,

Asalamu alaikum. Ndamva kuti mpunga wachita bwino, alhamdulillah. Ine kachifuwa kokha, ndi nyengo.

Mwafunsa zambiri. Zoti Sufiyani anandiona nditaima pakona ya sitolo ya simenti ndi chikatoni cholembedwa m'manja, Sufiyaniyo pakamwa pake mukupadziwa. Pakona pamenepo pamaima anthu ambiri, ndipo Amalawi tikavala zipewa za chisanu timafanana. Zoti bulangete ndinalonjeza lija silinafike, lifika. Zoti bwanji sindikutchulanso maluwa, ndi chisanu, maluwa agona.

Mwati a Idrisa anakuyankhani kuti nkhani ya Zahra anamaliza ndi bambo ake pafoni, inu musalowererepo. Sananame. "Chabwino" uja ndinanena ndine.

Chimangirizo chachinayi ndi ichi. Achonganso chonse. Ndinachiwerenga kanayi. Pamene walemba za agogo ake akuviika chinangwa m'dambo, miyendo ili m'matope, akukangana ndi abakha, ndinachita kumva fungo la kondowole. Anyamata ndikukhala nawo anandifunsa kuti ndikuseka chiyani, ine ndinangopinda pepalalo nkuliika m'thumba. Kuno timagona asanu ndi mmodzi chipinda chimodzi, koma aliyense maso ali pafoni yake, moti tsiku limatha osamva munthu akutchula dzina lako.

Zahra, mayeso ayandikira. "Keep your chin up" ndiye kuti usagwe mphwayi, limba mtima ngakhale zikuvuta. "To burn your fingers" ndi kupwetekeka chifukwa cholowa m'zinthu zosazidziwa bwino. Ukalowa m'chipinda cha mayeso uyambe ndi bismillah, uwerenge funso kawiri, ndipo usathamange. Ine ndikukupempherera pa swala iliyonse.

Wanu,
Jamali

Mayfair
27 Julayi 2025

Amake Zahra,

Asalamu alaikum. Kalata iyi muwerenge muli awiri ndi Zahra. Za moyo ndinena zoona ulendo uno: chifuwa chandigwira milungu isanu, ndaonda, lamba ndaboola kawiri.

Kalata ya Zahra, imene analemba atamaliza mayeso, ndalandira Lachinayi. Sindikudziwa ngati anakuwerengerani, ndiye ndikopera pano.

"Ababa, ndinadziwa kuyambira Meyi kuti amene akuchonga si adona. Adona sangalembe 'good'. Pofuna kutsimikiza, m'chimangirizo cha Juni ndinabwereza dala zolakwa zisanu zimene iwo anandithetha mu Febuluwale, ndipo zonse zinabwera zochongedwa. Sindinauze amayi. Ndinapita kwa a Fainess, aphunzitsi opuma aja a kuseri kwa chipatala, ndipo akhala akundithandiza Loweruka lililonse, ine ndimawapetera mpunga. Ndinkalemba ziwiri, china cha a Fainess, china chanu. Chanucho sindinasiye chifukwa munalemba kuti tsiku lofika envulopu ndi limene mumadzimva kuti ndinu munthu. Ababa, muli kuti kwenikweni, ndipo mukudya?"

Ndinawerenga nditaima pakona ija, chikatoni chofunsira ganyu chili kukhwapa. Inde, Sufiyani sananame, anali ine. Ndinalira pamaso pa amuna anzanga, mmodzi wa ku Zimbabwe anandipatsa theka la buledi wake osafunsa kanthu.

Zoona zake ndi izi. Patangopita masiku anayi chichitikire Idi, adona anagwanso, ulendo uno sitiroko. Mbali ya kumanja inafa, pakamwa panapotoka, mawu anatha. Kolini anawapititsa kunyumba yosungira okalamba, nyumba ija anagulitsa, ine anandipatsa masabata awiri. Sanandichitire nkhanza, anandilembera kalata yabwino, koma kalata popanda mapepala a boma ndi pepala chabe. Chiyambire pamenepo ndikudya za maganyu, tsiku lina kupenta, tsiku lina kukumba, masiku ambiri kungoima. Foni sinawonongeke, ndinagulitsa.

Tsiku lotulutsa katundu ndinapeza juzi ya adona m'jumbo lakuda la zotaya, cholembera chili m'thumba momwemo. Pansi pake panali kope lawo lija. Amake Zahra, chimene ankalemba chigwereni kubafa chinali zining'a za Zahra, chimodzi pa tsiku, ndi matanthauzo ake, mpaka tsiku la mayeso. Ankadziwa kuti sadzafika. Ndiye zining'a zonse ndatumiza ndi zoona, ndi zawo. Bodza langa ndi kuchonga.

Envulopu ya Meyi itafika ndinakhala nayo masiku atatu. Ndinaopa kuti mwana akamva kuti mphunzitsi wake wapita agwa mphwayi, a Idrisa akamva kuti ntchito yatha anena kuti ngakhale wolipira sukulu palibe, Faruku abwere mawa. Ndinatenga cholembera. Kuthetha sindikanatha, Chingerezi changa ndi cha m'munda, sindidziwa polakwika. Ndinangochonga mzere uliwonse, ndi kulemba mawu amene ine ndinkafuna kumva zaka zinayi. Ndimati ndikumulimbitsa mtima, chonsecho ndikumupaka phula m'maso mayeso ali pakhomo. Akanapanda kuchenjera yekha, ndikanamugwetsa ndi dzanja langa.

Zahra mwanangu, undikhululukire. A Fainess mukawathokoze m'malo mwanga, muwatengere nkhuku yaikulu.

Jamali

Mayfair
10 Ogasiti 2025

Okondedwa amake Zahra,

Asalamu alaikum. Mawu anu Sufiyani wandiuza monga munanenera, osachotsa ngakhale amodzi, ndipo ndawayenera. Chifuwa chayamba kupepuka.

Lamulungu ndinapita kukawaona adona. Ndakhala ndikupita sabata iliyonse wapansi, maola awiri, kukangokhala nawo. Anamwino amaganiza kuti ndine wantchito wa pamenepo. Ulendo uno ndinatenga chimangirizo cha Juni chija, cha zolakwa zisanu, chimene Zahra anabweza pamodzi ndi kalata yake. Ndinawauza zonse zimene ndinachita ndi cholembera chawo, kenako ndinawaikira pepala pamiyendo. Analiyang'ana nthawi yaitali. Ndiye chala cha kumanzere chinayamba kuyenda, chinaima pamalo ena, chinagogoda. Chinayendanso, chinagogoda. Ndinawerenga, kasanu. Atamaliza anandiyang'ana mmene ankandiyang'anira pa nkhani ya anyezi. Ndinawapatsa cholembera chawo, anachikankhira kwa ine.

M'kope lawo chining'a chomaliza si cha Zahra. Pambali pake analemba dzina langa ndi zilembo zofiira, nadula mizere iwiri pansi. "Put your foot down." Tanthauzo analemba lalifupi: kukana kwamtuwagalu, osasunthanso. Ndinachiona mu Epulo, ndipo nthawi yonseyi ndakhala ndikutsegula kope mochidumpha.

Mwati a Idrisa akufuna kuti zotsatira zikangotuluka, zikakhala zoipa, nikaha ichitike, Zahra akwatiwe mvula isanagwe. Muwauze kuti "chabwino" uja ndamubweza. Zahra akhoze kapena alakwe, kwa Faruku sapita pokhapokha atafuna yekha, ndipo wandiuza kudzera kwa Sufiyani kuti sakufuna. Akalakwa abwerezanso, ndidzakoka makoka ku Bua ngati kale. Ndikudziwa kuti mbumba ndi yawo, sindikuwalanda. Koma mwana amene anasunga bambo ake miyezi itatu ndi mapepala, ine sindingamupereke pafoni. Shuga ndi nsalu zija abweze. Ngati shuga anamwa, tidzaona chochita.

Izi sindikufuna azimve papepala pokha. Sufiyani wavomera kunditenga Lachitatu, ndidzakhala pakati pa mafiriji a anthu, ndidzamuthandiza kutsitsa katundu m'njira. Insha Allah, Loweruka kapena Lamulungu ndidzakhala nditafika. Muitane a Idrisa ndi ankhoswe, muyale mkeka pakhonde.

Ndikudziwa zimene anthu adzanene pagolosale, kuti Jamali wakhala ku Joni zaka zisanu ndi chimodzi nkubwera chimanjamanja. Anene. Ndatopa kukhala munthu wosatchulidwa dzina, ndikufuna kumva inu mukundiitana, ngakhale mokalipa.

Musatume ana ndi njinga kudzandichingamira, palibe chonyamula. Ndili ndi kachikwama kamodzi, kope, ndi cholembera chofiira m'thumba la malaya. Zahra akonzeke, kalata zanga zonsezi adzazichonga yekha.

Ndine mwamuna wanu,
Jamali